Linux Mint 22 pa laputopu yakale: ndemanga ya munthu wolemba makalata ndi kusewera makhadi

Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inasiya kutumiza zokonza zaulere za Windows 10, pulogalamu yoyendetsa kompyuta imene inatuluka mu Julayi 2015 ndipo yatumikira m'maofesi, m'masukulu ndi m'nyumba za anthu kwa zaka khumi. Makompyuta sanasiye kuyaka tsiku limenelo, koma mipata ya chitetezo imene ikupezeka kuyambira pamenepo siikutsekedwanso, pokhapokha mwini wake atalowa m'dongosolo loonjezera limene kwa munthu wamba linalengezedwa kuti lidzathera pa 13 Okutobala 2026. Njira imene Microsoft ikuloza ndi Windows 11, koma Windows 11 ili ndi zofuna zake: kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0, RAM (malo amene kompyuta imagwirizira zimene ikuchita panthawiyo) yosachepera 4GB, malo osungira a 64GB, ndiponso purosesa (ubongo wa kompyuta) ya Intel ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kapena yatsopano kuposa pamenepo. Chomalizachi n'chimene chatsekera kunja malaputopu ambiri amene tili nawo kuno, chifukwa amene amadzaza mashopu a ku Limbe, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu ndi aja amene maofesi akunja anawapumitsa atawagwiritsa ntchito zaka zingapo, ndipo ochuluka mwa iwo ndi a m'badwo wachinayi, wachisanu ndi chimodzi kapena wachisanu ndi chiwiri.

Yanga ndi imodzi mwa amenewa. Ndi Lenovo ThinkPad T460 ya m'chaka cha 2016, yokhala ndi purosesa ya Core i5 ya m'badwo wachisanu ndi chimodzi, RAM ya 8GB ndi SSD, chosungira mafayilo chofulumira, imene ndinaikitsa m'malo mwa hard disk yozungulira ija. Kiyibodi yake ikadali yolimba, sikirini ilibe mng'alu, ndipo ntchito imene ndimaipatsa ndi yochepa: kulemba makalata ndi malipoti, kuwerengera ndalama za pakhomo, kuonera mavidiyo, ndi kusewera makhadi madzulo. Kutaya makina otere chifukwa cha nambala ya purosesa n'kuwononga ndalama, choncho ndinaikamo Linux Mint 22, pulogalamu yaulere yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, ndipo ndemanga ino ndi ya mmene yandigwirira ntchito.

Linux Mint inayambitsidwa mu 2006 ndi Clément Lefebvre, Mfalansa wokhala ku Ireland, ndipo imamangidwa pamwamba pa Ubuntu, mtundu wina wa Linux, imene kampani ya Canonical ya Mark Shuttleworth wa ku South Africa inaitulutsa koyamba mu 2004. Pansi pa zonsezi pali phata la Linux limene Linus Torvalds analiyamba mu 1991 ali wophunzira ku Helsinki. Mint siigulitsidwa, ilibe kiyi yoti mulowetse, ndipo kagulu kamene kamaikonza kamadalira zopereka za anthu oigwiritsa ntchito ndi othandiza ena. Mint 22 inatuluka mu Julayi 2024 ndipo idzapitiriza kulandira zokonza zachitetezo mpaka 2029. Imabwera m'mitundu itatu ya maonekedwe, Cinnamon, MATE ndi Xfce, ndipo ine ndinasankha Cinnamon, imene ndi yokongola kuposa inzake ndiponso yofanana kwambiri ndi zimene munthu wa Windows anazolowera. Amene ali ndi makina a RAM ya 4GB kapena yochepera angachite bwino kutenga Xfce, chifukwa ndi yopepukirapo.

Ndalama yokhayo imene imapita ndi ya bandulo. Fayilo yoikira Mint imayandikira 3GB, kotero ndi bwino kuikopera usiku kapena kupempha kwa mnzanu amene ali nayo kale, ndipo palibe mlandu uliwonse pogawana, chifukwa chilolezo chake chimavomereza zimenezo. Fayiloyo imalembedwa pa fulashi ndi kapulogalamu ka Rufus kapena balenaEtcher, kenako pa ThinkPad mumadina F12 poyatsa n'kusankha fulashiyo. Apa mpamene ndinaona chinthu choyamba chondikondweretsa: Mint imayaka yonse kuchokera pa fulashi osakhudza chilichonse cha mu hard disk, ndipo munthu akhoza kuyesa WiFi, mawu, kamera ndi kiyibodi asanatsimikize zoika. Pa T460 zonsezi zinagwira ntchito nthawi yomweyo popanda kusakasaka madiraiva (timapulogalamu toyendetsa zipangizozi), ngakhale kabatani kofiira kapakati pa kiyibodi kamene eni ThinkPad amakakonda. Poika, imafunsa ngati mukufuna kufufuta zonse kapena kuika Mint pambali pa Windows kuti muzisankha poyatsa. Aliyense asafike pa funso limeneli asanakopere zithunzi ndi zikalata zake kwina, chifukwa kusankha kufufuta n'kufufutadi. Pali kabokosi kena kofunsa za ma codec, ndipo n'kofunika kukachonga kuti mavidiyo ndi nyimbo za mitundu yonse zizisewera. Chimene siifunsa ndi akaunti ya pa intaneti. Imangofuna dzina ndi mawu achinsinsi, pamene Windows 11 imafuna intaneti ndi akaunti ya Microsoft musanafike n'komwe pa sikirini yoyamba.

Maonekedwe ake safuna kuphunzira. Menyu ili kumunsi kumanzere, wotchi kumunsi kumanja, mapulogalamu otsegula amandandalika pakati, ndipo mafoda a zikalata, zithunzi ndi nyimbo ali pamene munthu angayembekezere. Amene anakonda Windows 7 adzaona ngati wabwerera kwawo. Ikangoyaka imatenga RAM yapafupifupi 1GB, ndipo fani ya makinawa imakhala chete nthawi yaitali kuposa kale. Komabe ndiyenera kunena chilungamo kuti liwiro lalikulu limene ndikuona likuchokera ku SSD, osati ku Mint yokha. Pa hard disk yozungulira Mint imayenda bwinoko kuposa Windows 10, koma imachedwabe, ndipo masamba a pa intaneti a masiku ano amadya RAM mofanana pa Linux ndi pa Windows. Munthu akatsegula masamba khumi ndi asanu mu Firefox pa makina a 4GB, adzadikira ndithu, kaya waika chiyani.

Nkhani ya zokonza ndi imene imandipangitsa kuikonda kwambiri. Pakona ya kumanja pamakhala kachishango kamene kamaonetsa kuti kwabwera zatsopano, ndipo mukakatsegula mumaona mndandanda wonse ndi kukula kwa chilichonse musanavomere. Palibe chimene chimakopedwa mwakachetechete pamene mwalumikiza foni kuti mungotumiza imelo imodzi, ndipo kompyuta siidzizimitsa yokha pakati pa ntchito. Kwa munthu amene amawerenga ma MB a bandulo yake, ufulu umenewu ndi ndalama zenizeni. Mukhozanso kusankha seva yapafupi, monga ya ku South Africa, kuti kukopera kuzifulumira. Kulumikiza foni ya Android ndi chingwe kuti ipereke intaneti sikufuna kuika kalikonse. Msampha ulipo umodzi, ndipo uli mu Software Manager, mmene mumapezeka mapulogalamu onse. Ena mwa iwo ndi a mtundu wa Flatpak, ndipo kapulogalamu kakang'ono ka mtundu umenewu kakhoza kukoka zinthu zina za ma MB mazanamazana ulendo woyamba. Nthawi zambiri pulogalamu yomweyo imapezekanso m'njira ya masiku onse imene ndi yaing'ono kwambiri, choncho ndi bwino kuyang'ana kukula kwake musanadine. Palinso Timeshift, imene imasunga chithunzi cha mmene makina alili kuti zokonza zikasokoneza chinachake mubwerere pamene munali. Iyenera kuyatsidwa tsiku loyamba, koma dziwani kuti imateteza mafayilo oyendetsa kompyuta, osati zikalata zanu.

Aliyense amene anapitapo ndi fulashi kokasindikiza zikalata m'tauni akudziwa matenda amene imabwera nawo. Mukafika kunyumba n'kuilowetsa, mafoda onse asanduka tizithunzi tokhala ndi kamuvi, ndipo mukadina kamodzi vayirasi yalowa m'kompyuta. Vayirasi imeneyi siifufuta mafayilo, imangowabisa n'kuika njira zachinyengo m'malo mwake, ndipo inalembedwa kuti izigwira ntchito pa Windows pokha. Pa Mint tinjira timeneti ndi timafayilo takufa topanda mphamvu. Mumatsegula fulashi, n'kuona foda imene zikalata zanu zabisidwamo, n'kuzitulutsa, n'kufufuta zinyalala zotsalazo, basi. Anzanga angapo ayamba kubwera ndi mafulashi awo kuti ndiwatsukire. Sindikunena kuti Linux siingagwidwe ndi choipa chilichonse, ndipo uthenga wachinyengo wofuna nambala yanu yachinsinsi umapusitsa munthu pa makina alionse, koma mavayirasi oyenda ndi mafulashi, komanso aja obwera ndi timapulogalamu tothyolera Windows ndi Office timene akatswiri ena a m'misika amaika, alibe pogwira pano.

Pa ntchito ya zolembalemba mpamene munthu ayenera kuganiza mofatsa asanasamuke. Microsoft Word ndi Excel za pa kompyuta sizipezeka pa Linux. M'malo mwake Mint imabwera ndi LibreOffice, imene ili ndi Writer yolembera, Calc yowerengera ndi Impress yokonzera zoonetsa pamsonkhano, ndipo imatsegula ndi kusunga mafayilo a docx ndi xlsx. Pa kalata, lipoti la kusukulu kapena kawerengedwe ka ndalama za banki m'khonde, sindinapeze chosowa. Vuto limabuka pa zikalata zokongoletsedwa kwambiri, zokhala ndi matebulo olowana, zithunzi zoyandama ndi mitu ya pamwamba, zimene nthawi zina zimasuntha mizere mpaka tsamba limodzi kusanduka awiri. Gwero lake kawirikawiri ndi zilembo. Calibri ndi Cambria ndi za Microsoft ndipo sizikhalamo, choncho LibreOffice imaika zina za kukula kosiyana. Mankhwala ake ndi kuika zilembo za Carlito ndi Caladea, zimene zinapangidwa kuti zizitenga malo ofanana ndendende ndi ziwirizo, komanso phukusi la ttf-mscorefonts-installer limene limabweretsa Arial ndi Times New Roman. Zikatero kusunthako kumachepa kwambiri. Ngakhale zili choncho, kalata yofunsira ntchito kapena CV ndimaitumiza ngati PDF, ndipo batani losandutsira lili pamwamba pomwepo. Amene ntchito yake imadalira mafayilo a Excel okhala ndi ma macro ovuta (timapulogalamu tolembedwa m'kati mwa fayilo), monga ena a m'maofesi owerengera ndalama, asayembekezere kuti onse adzayenda. Word ndi Excel za pa intaneti zimatseguka mu Firefox kapena Chrome, koma zimafuna netiweki yokhazikika, ndipo imeneyo sitingaidalire tsiku lililonse.

Chaching'ono chimene chingakondweretse olemba Chichewa ndi Chitumbuka ndi chilembo cha ŵ. Mu Word munthu amayenera kukumbukira nambala 0175 n'kudina Alt ndi X, kapena kukachisaka m'ndandanda wa zizindikiro. Pa Mint mumasankha batani limodzi, monga Alt ya kumanja, kuti likhale la Compose, ndipo kuyambira pamenepo kudina batanilo, kenako ^, kenako w, kumatulutsa ŵ m'pulogalamu iliyonse, kaya ndi mu imelo kaya pa dzina la fayilo.

Tsopano ndifike pa magemu, chifukwa ngakhale anthu sakonda kuvomera, kompyuta ya pakhomo ndi ya mu ofesi imathera maola ambiri pa makhadi. Solitaire inalowa mu Windows 3.0 mu 1990, inalembedwa ndi Wes Cherry amene panthawiyo anali wophunzira ntchito ku Microsoft, ndipo makhadi ake anajambulidwa ndi Susan Kare. Cholinga china chinali kuphunzitsa anthu kugwira mausi ndi kukoka zinthu pa sikirini, ndipo ambiri a ife tinaphunziradi motero, pa kompyuta ya kusukulu kapena ya kuntchito bwana atatuluka. Minesweeper inatsatira mu Windows 3.1 mu 1992, kenako FreeCell, Spider Solitaire ndi pinball ija ya Space Cadet imene inafika mpaka pa Windows XP. Magemu amenewa anali ndi khalidwe limodzi labwino: ankatseguka nthawi yomweyo, sankafuna intaneti, ndipo sankakugulitsani kanthu. Windows 8 itabwera mu 2012 anachotsedwa, ndipo chimene chinalowa m'malo mwake, Microsoft Solitaire Collection, chimaonetsa malonda pakati pa masewero, ena mwa iwo a vidiyo, pokhapokha mutalipira mwezi ndi mwezi kapena chaka ndi chaka. Zili ngati kukhala pa bawo pansi pa mtengo, ndiye nthawi iliyonse mukafuna kutapa njombwa wogulitsa mankhwala a mano n'kuima pakati panu mpaka atamaliza kulengeza. Windows 10 inabweranso ndi Candy Crush Saga m'menyu mwake, gemu imene imakupatsani miyoyo yowerengeka n'kukuuzani kuti mudikire kapena mugule ina.

Mint siibwera ndi gemu iliyonse, ndipo ichi ndimachiona ngati cholakwika chaching'ono, chifukwa munthu woika kumudzi popanda intaneti adzapeza menyu yopanda chosewera. Koma zimene zili mu Software Manager n'zokwanira, ndipo zambiri ndi zazing'ono kwambiri. Yoyamba kuika ndi AisleRiot, imene ili ndi mitundu ya makhadi yoposa 80, kuphatikizapo Klondike, amene ndi Solitaire yathu yakale ija, FreeCell ndi Spider. Imatseguka m'kuphethira kwa diso, ili ndi batani lobwerera m'mbuyo ndi lopempha nzeru, imasunga chiwerengero cha masewero amene mwapambana, ndipo siifunsa kanthu kena. Makhadi ake oyamba sakongola kwenikweni, amaoneka ngati a kalekale, koma pali phukusi la makhadi ena limene mungaike. Amene akufuna zokongola angatenge KPatience, imene ilinso ndi luso lokuuzani ngati masewero amene muli nawo akadathekabe kupambana kapena afa kale. Poyamba ndinkaona ngati luso limeneli likuchotsa kukoma, koma pa FreeCell limaphunzitsa, chifukwa mumaona nthawi yeniyeni imene khadi limodzi latsekera njira yonse.

GNOME Mines ndi Minesweeper yeniyeni, ndipo palinso Mahjongg, Sudoku, chesi ndi Quadrapassel, imene ndi gemu ya timiyala togwa yofanana ndi Tetris. Koma imene yandilanda nthawi kuposa zonse ndi gulu la timagemu ta nzeru ta Simon Tatham, katswiri wa mapulogalamu wa ku Britain. Timagemu timeneti tilipo pafupifupi 40, tilibe nyimbo kapena zithunzi zokopa, ndipo kalikonse kamapanga funso latsopano nthawi iliyonse mukakatsegula. Minesweeper yake ili ndi chinthu chimene ya Microsoft inalibe: bwalo lililonse limapangidwa moti likhoza kuthetsedwa ndi kuganiza kokha, popanda kulota. Amene anafikapo kumapeto kwa bwalo lalikulu, n'kutsala ndi timabokosi tiwiri tofanana, n'kuphulika chifukwa cha tsoka chabe, adzamvetsa kuti kusintha kumeneku n'kwakukulu. Mu kena, kotchedwa Bridges, mumalumikiza zilumba ndi milatho malinga ndi manambala olembedwa pa chilichonse, ndipo kamodzi kakhoza kukudyerani nthawi yonse imene nsima ili pamoto.

Za ana ziliponso. SuperTuxKart ndi mpikisano wa timagalimoto umene anthu awiri angasewere pa kiyibodi imodzi sikirini itagawika pakati, ndipo pa T460, imene ili ndi Intel HD 520 yokha, kachipangizo kojambula zithunzi kopanda mphamvu zambiri, umayenda bwino mukatsitsa zokongoletsa. Ndi wokulirapo pokopera, choncho udikire tsiku la WiFi. Frozen Bubble ndi yoombera timipira ta mitundu kuti itatu yofanana igwe. GCompris ndi ya ana a zaka ziwiri mpaka khumi, ili ndi zochita zoposa 100 zophunzitsa kuwerenga, masamu ndi kugwira mausi, ndipo m'kati mwake muli oware, masewero a ku West Africa a mizere iwiri ya maenje asanu ndi limodzi. Ndi m'bale wake wa bawo, koma malamulo ake ndi ofewa poyerekeza ndi bawo yathu ya mizere inayi ya maenje asanu ndi atatu, ndipo mkulu wozolowera kutakata adzatopa nayo msanga, ngakhale kwa mwana ndi poyambira pabwino.

Funso limene ndimafunsidwa kawirikawiri ndi la Zuma, gemu ya chule wolavula timipira imene kampani ya PopCap inatulutsa mu 2003 ndipo inafalikira m'maofesi athu kudzera pa mafulashi, pamodzi ndi Plants vs. Zombies ya mu 2009. Magemu amenewa ndi a Windows, koma amayenda pa Mint kudzera mu Wine, pulogalamu imene imamasulira zofuna za mapulogalamu a Windows kuti Linux izimve. Njira yosavuta ndi Steam, sitolo ya magemu ya kampani ya Valve, imene kuyambira mu 2018 ili ndi Proton, mtundu wa Wine wokonzedwera magemu. Valve inaikapo mphamvu zambiri chifukwa kachipangizo kake ka Steam Deck, kamene kanatuluka mu 2022, kamayendera Linux, ndipo phindu lake lafikira ngakhale ife a malaputopu akale. Kwa ine magemu awiriwa anayenda popanda kukonza chilichonse. Chovuta chili pa kulipira, chifukwa Steam imafuna khadi ya banki yotha kugula kunja, ndipo ndi kusowa kwa ndalama zakunja si aliyense amene angakwanitse. Steam yokhayo imakondanso kudzikonza kawirikawiri, zimene zimadya bandulo, ngakhale ili ndi njira yosewera popanda intaneti mukalowa kamodzi. Kwa mnyamata wofuna mpira nkhani ndi ina. Magemu atsopano a EA Sports FC, komanso Fortnite ndi Valorant, ali ndi mapulogalamu oletsa kubera amene savomereza Linux, ndipo palibe njira yowazembera. Kunena zoona laputopu ngati yangayi sikanawakwanitsa ngakhale pa Windows, koma amene ali ndi makina amphamvu ogulira zimenezo asachotse Windows yake.

Pa magetsi T460 ili ndi mwayi wakewake, chifukwa inapangidwa ndi mabatire awiri, lina la m'kati ndi lina lochotseka, moti mukhoza kusintha lakunjalo makina ali chiyakire. Mint imawaona onse awiri ndipo imaonetsa mphamvu ya lililonse. Kuyambira pa Mint 22.1, imene inatuluka mu Januwale 2025, pali njira yosankha kuti makina azisunga moto kapena azithamanga, komanso yochepetsa kuwala kwa buluu usiku. Sindinganene kuti batire likukhalitsa kuposa pa Windows. Polemba ndi posewera makhadi zimafanana, koma poonera mavidiyo a pa intaneti ndimaona kuti limatha msanga pang'ono. Ubwino wa magemu ang'onoang'ono aja umaonekera magetsi akazima, chifukwa AisleRiot siitenthetsa makina ndipo siisamala kuti netiweki yapita nawo limodzi.

Zovuta zenizeni zili kunja kwa kompyutayo. Mapulinta ambiri atsopano amadziwika okha mukangolumikiza, koma ina yakale yotsika mtengo imene ndili nayo inakana mpaka nditasaka diraiva yake n'kulemba malamulo angapo mu terminal, kawindo kakuda kamene kamaopsa anthu ambiri. Pa ntchito za tsiku ndi tsiku terminal siifunika, koma tsiku limene chinthu chavuta, mayankho amene mungapeze amakhala a m'Chingerezi ndipo amakuuzani kukopera mizere imene simukuimvetsa. Choipirapo n'chakuti akatswiri ambiri okonza makompyuta m'matauni mwathu anazolowera Windows yokha, ndipo mukawapititsira makina a Linux yankho lawo loyamba ndi lakuti afufute aikemo Windows. Amene alibe mnzake wodziwako pang'ono ayenera kuganizira zimenezi. WhatsApp ilibe pulogalamu yake ya Linux, koma Mint ili ndi kachida ka Web Apps kamene kamasandutsa WhatsApp Web kukhala ngati pulogalamu ya payokha m'menyu, ndipo pa mauthenga ndi mafayilo n'kokwanira. Zoom, Chrome ndi VLC zilipo. Microsoft Teams inasiya kukhala ndi pulogalamu ya Linux kumapeto kwa 2022 ndipo imagwiritsidwa ntchito m'burawuza. Photoshop ndi CorelDRAW palibe, ndipo ngakhale GIMP ndi Inkscape zimatha ntchito zambiri zofanana, munthu amene amapeza chakudya pojambula makhadi a ukwati ndi mapositala adzataya masabata akuphunziranso, kwinaku makasitomala akumutumizira mafayilo a cdr, a CorelDRAW, amene satseguka bwino. Chimodzimodzi ofesi yodalira Sage kapena QuickBooks ya pa kompyuta, mapulogalamu owerengera ndalama.

Ena amandiuza kuti Windows 11 ikhoza kukakamizidwa kulowa m'makina akale, ndipo n'zoona, Rufus yomweyo ili ndi tizibokosi tochotsera ziletsozo. Koma Microsoft inanena poyera kuti makina otere alibe lonjezo la kulandira zokonza, ndipo pa laputopu ya 4GB ndi hard disk yozungulira Windows 11 imakwawa. Kwa wophunzira, mphunzitsi, mlembi wa mpingo kapena kholo lofuna kompyuta ya pakhomo, Mint 22 ndi chisankho chabwinopo, ndipo ndingaipatse 8 pa 10, ziwirizo nditachotsera mapulinta ndi kusowa kwa othandiza pafupi. Kwa amene ali ndi pulogalamu imodzi yokha yomumangirira ku Windows, njira yabwino ndi kuika ziwiri zonse pa makina amodzi, Windows n'kumailowa pa ntchito imeneyo yokha, makamaka osailumikiza ku intaneti, ndipo zina zonse n'kumachitira pa Mint. Izi zimafuna SSD ya 256GB kapena kuposa kuti pasakhale kupanikizana.

Amene sanagule laputopu ndipo akufunabe Windows 11 yovomerezeka ayang'ane nambala ya purosesa asanapereke ndalama, osangokhutira ndi kumva kuti ndi Core i5 kapena Core i7, chifukwa mayina amenewa akhala akugwiritsidwa ntchito kwa zaka zoposa khumi. Chofunika ndi nambala yoyamba pambuyo pa kamzere (kuyambira m'badwo wakhumi ndi manambala awiri oyamba): i5-6300U ndi ya m'badwo wachisanu ndi chimodzi, pamene i5-8250U ndi ya wachisanu ndi chitatu. ThinkPad T480 ya mu 2018 nthawi zambiri imakhala ndi ya wachisanu ndi chitatu, koma ina inatuluka ndi ya wachisanu ndi chiwiri, choncho muuze wogulitsa ayatse makinawo kuti muwerenge nokha pa sikirini, ndipo ngati muli ndi fulashi ya Mint m'thumba, mupemphe kuti muiyese pomwepo.